Mutu 6: Tilde Asankha Mlatho

1. Wailesi ya pakhitchini

Loweruka la pa 9 Marichi, Torben, mwana wanga wobala ndekha, anandilakwira. Anachitira m'nyumba mwanga momwe ku Esbjerg kuno, tauni yathu ya m'mbali mwa nyanja, ndipo manja amene anagwiritsa ntchito anali a mwana wake Tilde, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu. Torben akufotokozera anthu zina. Ine ndifotokoza zimene ndinaona.

Pakhitchini panga pali kabokosi kakuda koimba nyimbo. Anagula ndi malemu mkazi wanga Bodil m'chaka cha 2007. Timangokatcha wailesi, koma nyimbo sikasunga m'mimba mwake. Kankazikoka pa netiweki kuchokera m'kompyuta yakale imene inkakhala kunsi kwa masitepe, ikulira ngati firiji usana ndi usiku.

Wailesiyi ili ndi mabatani asanu ndi limodzi, ndipo onse anatchera ndi Bodil. Loyamba limanena za nyengo ya panyanja. Lachiwiri ndi nyimbo zovina za unyamata wathu. Lachitatu linali iyeyo.

M'chaka cha 1989, pa mwambo wokumbukira asodzi otsala m'nyanja, Bodil anaimba yekha ndime ziwiri m'tchalitchi cha kudoko. Wina anajambula pa kaseti. Kasetiyo inatafunidwa ndi makina kalekale, koma Bodil anali atasamutsira kale nyimboyo m'kompyuta. Pakati pa ndime yachiwiri pamamveka buku la nyimbo likugwa pansi, phi! Ndinagwetsa ndine. Pamenepo mawu a Bodil amanjenjemera pang'ono chifukwa ankadziletsa kuseka.

Chimwalirireni iye zaka zinayi zapitazo, ndinkadina batani limeneli Lamlungu lokha, ndikatha kumwa khofi wam'mawa. Ndinkaopa kuti ndikamamumva tsiku ndi tsiku ndidzamuzolowera ngati kulira kwa wotchi.

Mu Febuluwale kompyuta ija inayamba kuzima yokha. Torben anabwera ndi Tilde, naiyang'ana ngati akuyang'ana nsomba yowola.

"Bambo, chinthu ichi chatha ntchito. Pulogalamu yake anasiya kalekale kuikonza. Masiku ano nyimbo zili m'foni."

"Foni yanga ndi yoimbira anthu," ndinatero. "Wailesi ya mayi ako sichoka pamenepo."

"Siyenera kuchoka, Agogo," anatero Tilde. "Tingogula mlatho."

"Mlatho wa chiyani? Kukhitchini kuno kuli mtsinje?"

Anaseka. "Ndi kabokosi kakang'ono. Wailesi yanuyi imalankhula chilankhulo chakale, mapulogalamu a masiku ano amalankhula china. Mlatho umakhala pakati n'kumamasulira."

"Mwamva?" anatero Torben. "Katswiri ndi ameneyu. Tilde, sankha wekha, ine ndikagula. Koma pa 9 ntchito ikhale itatha. Ndabwereka ngolo kwa aneba tsiku limenelo, ndikufuna ndichotse zinyalala zonse za kunsi kwa masitepezi."

2. Chenjezo la Aksel

Ine sindikhulupirira chinthu chimene munthu akuchifulumiza. Lachisanu Tilde ataweruka kusukulu ndinapita naye kwa Aksel Thygesen, amene anakonza mawailesi a m'mabwato athu kwa zaka makumi anayi. Pano amangotsegula kashopu kake akafuna.

"Ejvind! Ukadali moyo? Ndimayesa anakukwirira chaka chatha."

"Ndikudikira uyambe ndiwe, ndidzadye keke pamaliro pako."

Tilde anafotokoza nkhani yonse bwinobwino. Aksel anamvetsera akupukuta magalasi, kenaka anatulutsa zinthu ziwiri naika patebulo. China chinali choyera, chosalala ngati sopo. China chinali kathabwa kobiriwira kopanda chikuto, mawaya ali pamtunda, kali ndi disiki yomangirira ndi lamba.

"Mwanawe, khala pansi," anatero. "Ndilankhula kamodzi, ndipo ndilankhula motalika chifukwa ndakalamba.

"Milatho iwiriyi yonse imagwira ntchito. Yonse ipangitsa wailesi ya agogo ako kumvana ndi foni yako. Koma mayendedwe ake ndi osiyana.

"Wonyansawu uli ndi disiki yakeyake. Umanyamula nyimbo iliyonse m'kompyuta yakale, imodziimodzi, mmene ilili, ndi phokoso lake lomwe, n'kuisunga m'nyumba mwanu momwemo. Pulogalamu yake analemba ndi anthu ongodzipereka, osalipidwa, ndiye sakunyengerera. Uwerenga masamba khumi ndi awiri. Ulemba malamulo ndi zala zako, ulakwitsa, uyambiranso. Ndipo kukopera kokhako kudya Loweruka lonse uli pompo, chifukwa kompyuta ya agogo akoyi imayenda ngati mwini wake."

"Iwe, samala pakamwa," ndinatero.

"Woyerawu ndi mphindi khumi. Ulumikiza, udina pafoni, basi. Koma mvetsetsa apa. Uwu sunyamula nyimbo. Umangowerenga mayina a nyimbo, n'kuthamangira kunkhokwe ya kampani yake pa intaneti kukafuna za mayina omwewo. Uli ngati munthu amene wamutuma kusamutsa katundu, iye osanyamula kanthu, n'kungolemba papepala kuti mpando, tebulo, bedi, kenaka n'kukakugulira zatsopano kusitolo. Ngati mpando wako unali wa kusitolo, palibe chataika. Nanga ngati anakhoma ndi bambo ako?

"Chaka chatha kunabwera mayi wina wamasiye kuno. Mwamuna wake ankaliza akodiyoni pa maukwati. Mdzukulu wake anamuikira woyera ngati uwu, n'kutaya kompyuta. Mayi uja anaima pomwe waima iwepo, akundifunsa kuti mwamuna wake wapita kuti, chifukwa amene akuliza tsopano ndi katswiri wa ku likulu. Ndinamuyankha chiyani? Ndinangomupatsa mpando.

"Ndiye sankha umene ukufuna, ndiwe wamkulu. Koma ukatenga woyerawu, uwerenge mawu aliwonse amene foni ikulembere, ngakhale ang'onoang'ono. Ndipo kompyuta yakale isatuluke pakhomo mpaka mdala uyu atamvetsera batani lililonse ndi makutu ake. Lililonse. Wandimva?"

"Ndamva, Agogo Aksel."

"Bwereza."

Anabwereza zonse osaphonya. Tilde ndi mwana wanzeru, m'kalasi satsika pa nambala wachitatu. Kumva anamva.

Tinanyamuka kubwerera kunyumba, iye akukankha njinga yake. Titafika pa mphambano anati, "Agogo, pa 9 pomwepo tili ndi mpikisano wa mpira wamanja ku Kolding. Andisankha kukhala pagolo mu timu yaikulu. Koyamba."

"Ndiye uza bambo ako ngolo idikire sabata ina."

"Ndiwauza," anatero, akuyang'ana tayala la njinga yake.

3. Mphindi khumi

Loweruka lija anafika nayini koloko m'mawa, Torben akukoka ngolo kumbuyo kwa galimoto. Tilde anali atavala kale zamasewero, chikwama kumsana. M'manja anali ndi bokosi loyera.

"Umenewo si umene Aksel anati umanyamula nyimbo," ndinatero.

"Ndafufuza, Agogo. Anthu masauzande aupatsa nyenyezi zisanu."

"Anthu amenewo ukuwadziwa? Alipo wa kwaya ya kudoko?"

"Bambo, musiyeni mwana agwire ntchito," anatero Torben ali m'khonde, atasenza kapeti yakale. "Aksel wanuyo akanatha bwenzi tonse tikuunikirabe nyali ya palafini."

Ndinayang'ana Tilde. "Za ngolo unawauza?"

"Ndinawauza. Anati sizingatheke."

"Ndiye ukanangoisiya ntchito yonse. Kompyuta ikanadikira."

"Ikanazima osadzukanso bwanji? Agogo, mphindi khumi zokha. Muona."

Analumikiza waya kumbuyo kwa wailesi, wina kukhoma. Kabokosi koyera kanayatsa kanyali kabuluu. Iye anakhala pampando wa Bodil, foni m'manja, zala zikuthamanga. Pafoni panayamba kuyenda kamzere, manambala akukwera.

Panja panaima minibasi ya timu. Atsikana anzake anatsegula mawindo. "Tilde! Golo ili yokhayokha! Fulumira, mayi a nyumba!"

Kamzere kanafika kumapeto. Pafoni panatuluka mawu, ang'onoang'ono, a Chingerezi. Ine sukulu ndinalekeza kalasi seveni n'kukwera bwato, Chingerezi changa ndi chotukwanira pa doko basi. Koma nkhope ya mwana ndimatha kuiwerenga. Chala chake chinaima m'malere. Anayang'ana foni, anayang'ana pawindo.

Hutala inalira kawiri.

"Yati chiyani?" ndinafunsa.

"Yati zonse zapezeka."

Anadina.

Kenaka anadina batani loyamba la wailesi, ndipo munthu wa zanyengo anayamba kunena za mphepo ya kumadzulo. Anadina lachiwiri, nyimbo yovina inalira, yomveka bwino kuposa kale. Anatambasula dzanja kuti adine lachitatu.

"Ayi," ndinatero. "Limenelo ndi la Lamlungu."

"Agogo, pang'ono pokha. Agogo Aksel anati..."

"Ndati ndi la Lamlungu. Zaka zinayi sindinaphwanye, sindiyamba lero chifukwa cha kasopo aka."

Anabweza dzanja msanga, msanga kwambiri. Anandipsompsona patsaya n'kuthamangira ku minibasi.

Ndinatembenukira kwa Torben. "Kompyuta isachoke. Mawa ndikamvetsera, ndiye udzatenge."

"Chabwino, chabwino," anayankha, akumanga chingwe pangolo.

Ndinavala jekete n'kupita kubekale kukagula buledi wakuda. Ndi ulendo wa theka la ola, popeza mawondo anga anatsala pabwato. Pobwera ndinapeza ngolo kulibe. Kunsi kwa masitepe kunali mbee, atasesa, pongotsala chizindikiro cha fumbi pomwe kompyuta inkakhala. Patebulo anasiya kapepala: "Ndatenga zonse kuti ndisayende kawiri. Inkangodya magetsi pachabe."

4. Lamlungu

M'mawa ndinamwa khofi, ndinatsuka kapu, ndinakhala pansi n'kudina batani lachitatu.

Limba linayamba, lalikulu, losalala. Kenaka mkazi anaimba. Nyimbo inali yomweyo, mawu ake omwewo. Ankaimba bwino zedi mkazi ameneyo, sanaphonye paliponse. Ndinadikira ndime yachiwiri. Buku silinagwe.

Ndinadinanso. Ndinadina kachitatu. Ndinazula waya kukhoma n'kubwezeranso. Mkazi yemwe uja anabweranso, osatopa.

Masana anabwera kudzadya monga amachitira Lamlungu lililonse. Torben anabweretsa keke. Tilde anali ndi mendulo m'thumba, chingwe chake chikulendewera, koma sanaitulutse. Ndinawasiya akhale, ndinawathirira khofi, ndiyeno ndinadina batani lachitatu.

Mkazi uja atangotsegula pakamwa, Torben anatsitsa kapu pang'onopang'ono. Khutu lake linafiira. Mwanayu ndinamusambitsa ine, ndimadziwa khutu limenelo.

"Uyu ndani?" ndinafunsa.

"Ndi amayi."

"Bwerezanso, ukundiyang'ana."

"Ndi amayi, Bambo. Mapulogalamu atsopanowa amachotsa phokoso, n'chifukwa chake mukumva ngati zasintha."

"Achotsa phokoso, achotsa buku, achotsanso mayi ako. Limba la kudoko linali ndi paipi yosasa mawu, uli kulimva pamenepa? Mayi ako ankapuma pakati pa mzere chifukwa cha chifuwa chake. Uyu akupuma pati?"

"Buku lanji?"

"Unali pambali panga tsiku limenelo! Unalitola ndiwe!"

Torben anapukusa mutu, akumwetulira ngati mmene anamwino amamwetulirira odwala. Anatembenukira kwa mwana wake. "Tilde, foni sinati zonse zapezeka?"

Tilde anayang'ana keke. Anaidula tizidutswa ndi foloko, osadya.

"Tilde," ndinatero. "Iwe unamva zimene Aksel ananena. Uyu ndi agogo ako aakazi?"

"Sindikudziwa, Agogo. Ndinali wamng'ono."

"Foni inati chiyani?"

"Inati zapezeka."

Torben anapumira m'mwamba. "Bambo, tiyeni tikambe chilungamo. Mwezi watha munaiwala poto pamoto. Pa Khirisimasi munanditcha dzina la mchimwene wanu. Lero simukuzindikira mawu a amayi. Ine izi zikundidetsa nkhawa. Mawa ndiimba kwa dokotala, akuyezeni mutu. Si zochititsa manyazi."

Ndinaimirira ndikugwira tebulo.

"Tamvera, Tilde, pakuti bambo ako makutu anagulitsa. Munthu akathyola chinthu cha mnzake, pali njira ziwiri. Anene kuti ndathyola, alire naye mwini wake. Kapena anene kuti chinthucho n'chabwinobwino, wathyoka ndi mwini wake. Pabwato ndinaona anthu a mitundu iwiri yonseyi. Wong'amba ukonde n'kunena, tinkamutukwana tsiku limodzi, mawa tikusoka naye limodzi. Wong'amba n'kubisa, tinkadziwira pakati pa nyanja nsomba zitathawa, ndipo ameneyo palibe bwato linamutenganso. Iwe ukadali pa doko. Usankhe wekha mtundu wako."

"Mwaona?" anatero Torben motsitsa mawu kwa mwana wake. "Ayambanso za mabwato."

Anatenga makiyi. Keke anaisiya.

5. Khola la zamagetsi

Lolemba Torben anatumiza uthenga pafoni: dokotala Lachinayi, teni koloko. Lachiwiri sikunabwere munthu. Lachitatu masana, mvula ikuwaza, ndinamva njinga ikugwa pa mpanda. Tilde analowa osagogoda, tsitsi lili chonyowa, n'kuima pakhomo la khitchini osavula nsapato.

"Agogo, ndinanama."

Sindinamuthandize. 

"Foni sinati zonse zapezeka. Inati nyimbo makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri sinazipeze, ndiye yalowetsa zina zofanana nazo mayina. Inafunsa ngati ndikufuna kuziona. Panali mabatani awiri, lina loti ndione, lina loti ndipitirize." Anapukuta madzi a mvula pamphumi. "Ndinkati ndidzaziona Lamlungu, kompyuta ikadalipo. Ndipo mutakana batani lachitatu lija ndinasangalala, Agogo. Ndinasangalala."

"Pagolo zinayenda bwanji?"

"Tinapambana." Atatero anayamba kulira.

Ndinamupatsa nsalu yopukutira mbale, chifukwa ndi imene inali pafupi.

"Bambo ako wawauza?"

"Lamlungu lomwe lija, m'galimoto. Anati akudziwa. Anati anadziwa mayi uja atangoyamba kuimba. Koma akuti ndikhale chete, poti kompyuta inapita kale, ndipo ndi bwino muziganiza kuti ndi agogo aakazi kusiyana n'kuti mudziwe kuti anataika."

"Nanga za dokotala?"

"Akuti ngakhale zili choncho mukufunikabe kuyezedwa."

Ndinavala jekete. Tinakwera basi mpaka kumalo otayirako zinthu, kuseri kwa mafakitale a nsomba. Kumeneko chilichonse chili ndi malo ake, matabwa kwaokha, magalasi kwaokha. Tilde anathamangira ku khola lachitsulo la zamagetsi. Munali ketulo imodzi ndi choumitsira tsitsi.

Mayi wina wovala jekete ya olenji anabwera akutafuna chingamu. "Mukufuna kutaya kapena kuba? Kuba n'koletsedwa, ndinenetu."

"Kompyuta yotuwa, yaikulu," anatero Tilde. "Inabwera Loweruka. Ili ndi kapepala ka duwa pambali."

"Loweruka? Ndiye mwachedwa, amwali. Khola la sabata yatha linanyamulidwa dzulo m'mawa. Lolemba mukanaipeza ili pompa."

Tilde anagwira chitsulo cha khola ndi manja onse awiri.

"Linapita kuti?" ndinafunsa.

"Ku fakitale ina kupitirira Fredericia. Amaziunjika sabata yonse, Lachisanu m'mawa n'kuzithira m'chigayo. Zimatuluka ngati mchenga." Anatiyang'ana tonse awiri, nasiya kutafuna. "Munali zithunzi?"

"Munali mkazi wanga," ndinatero.

Mayi uja analowa m'kanyumba kake, natuluka ndi pepala lolembapo dzina la fakitaleyo ndi msewu wake. "Sindikulonjeza kanthu. Salola anthu kulowa, ndipo makompyuta kumeneko ndi phiri. Musanene kuti ndakupatsani ndine."

Tilde anapinda pepalalo n'kuliika m'thumba lamkati. Kenaka anatulutsa foni, naimba, naikweza mawu kuti nane ndimve.

"Adadi, ndawauza agogo zonse."

Tilde anayandikitsa foni pakamwa.

"Adadi, imbani kwa dokotala munene kuti sakudwala. Ndipo mawa mutiperekeze ku Fredericia, kompyuta sanaigaye."

"Uli kuti iwe? Pita kunyumba, uli ndi mayeso mawa."

"Adadi, munadziwa kuti sanali agogo aakazi. Nenani, akumva."

Mvula inkagogoda padenga la khola. Ndinasendeza khutu pafupi ndi foni.

"Bambo," anatero Torben, "mwanayu mukumusokoneza. Mawa ndidzakutengani hafu pasiti naini. Muvale malaya abwino." Anadula.

Tilde anayang'ana foni kanthawi, kenaka anayamba kudinadina ndi chala chonyowa. Ulendo uno anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda, mpaka mzere wotsiriza.

"Agogo, sitima ya pamtunda ya ku Fredericia inyamuka mawa eyiti koloko m'mawa. Mawondo anu angafike pa siteshoni?"

Linali Lachitatu madzulo. Chigayo chinali cha Lachisanu. Torben sanavomere kuti mkazi woimba pakhitchini panga si mayi ake, ndipo dzina langa linali likadali pa ndandanda wa dokotala, Lachinayi, teni koloko.